Kuchoka ku Stellenbosch kukajambula ukwati ku Italy, ndinayenda chonchi

Ntchito yojambula m'minda ya mpesa kuno ku Stellenbosch ndi Franschhoek ku South Africa ili ndi nyengo yake. Kuyambira October mpaka April Loweruka lililonse ndi ukwati, ndiye February akamathyola mphesa eni mafamu amafunanso zithunzi zotsatsira vinyo wawo, timagona titafookeratu. Koma June ikangofika ndi mvula ndi chisanu, mipesa imayoyoka masamba n'kutsala tindodo tokhatokha, foni zii. Nthawi yomweyo ku Ulaya kumakhala kukutentha, mphesa zawo amathyola cha mu September. Ndiye banja lina litandiitana kuti ndikajambule ukwati ku Chianti, pakati pa Florence ndi Siena, ndinangoti ndafika. Koma abale anga, kamera ndi yomaliza kuiganizira, zoyamba ndi mapepala.

Poyambira ndi pemiti yanu ya kuno ku South Africa. Ine pasipoti yanga ndi ya Malawi, ndiye viza ya Schengen, yolowera ku Italy ndi maiko ambiri a ku Ulaya, umafunsira m'dziko lomwe ukukhala movomerezeka, pemiti ikakhala yatha kapena yatsala pang'ono kutha konzani imeneyo kaye musanataye ndalama. Pasipotiyo ikhale ndi masamba 2 osalembedwa komanso izigwirabe ntchito miyezi 3 mutachokako ku Ulayako.

Viza amalola kufunsira kutatsala miyezi 6, ndipo mwachizolowezi amayankha pa masiku 15 koma nthawi ya holide zimachedwerapo, ine ndinabukitsa tsiku langa banjalo litangolipira dipoziti. Mtengo ndi 90 euro kuphatikiza ka ndalama kena ka ofesi yolandira mapepala. Ndinanyamula inshulansi ya zachipatala yofika 30,000 euro, sitetimenti ya ku banki ya miyezi 3, buking'i ya ndege ndi malo ogona, kalata yondiitana, kontirakiti yanga. Amakudinditsa zala, amajambula nkhope, basi wapita.

Apa ndiime pang'ono. Anzathu ena amati ungolemba kuti ukupita kokaona malo, ine zimenezo ayi. Munthu wanyamula makamera awiri, malenzi anayi ndi mafulashi n'kumati ndikukaona nsanja yopendekeka ya ku Pisa, wa imigireshoni si mwana. Ntchito yolipidwa ili ndi malamulo ake dziko lililonse, ndiye ndinalembera ofesi ya kazembe wa Italy kufotokoza chilungamo chake, ndani akundilipira, ali kuti, ndikhala masiku angati, n'kutsatira zomwe anandiyankha. Imeloyo ndinaipulinta n'kuiika m'chikwama cha pasipoti.

Kenako kasitomu, yomwe ambiri saiganizira n'komwe. Usanakwere ndege umapita pa desiki ya SARS, bungwe lotolera misonkho kuno, pa eyapoti kukalembetsa zida zako kuti pobwera asamati wagula kunja ulipire msonkho. Ndinafika maola 4 ndege isananyamuke, ndinayala zonse pa kauntala, mayi wa pamenepo ankatembenuza lenzi iliyonse kufuna siriyo nambala, ina inali itafufutika moti tinachita kuunika ndi tochi ya pafoni. Chinandithandiza n'choti ndinali nditalemberatu mndandanda kunyumba, dzina la chida, nambala, mtengo. Amene muli ndi katundu wambiri wa vidiyo pali ATA Carnet, chikalata cholowetsera zida m'dziko lina kwa kanthawi osalipira msonkho, kuno imaperekedwa ndi bungwe la zamalonda la SACCI ndipo imagwira chaka chimodzi, koma imafuna chikole, ndiye werengerani kaye ngati ntchitoyo ikubweza.

Mabatire osungira salowa mu sutikesi yopita pansi pa ndege, amayenda ndi iwe. Osapitirira 100Wh (muyeso wa mphamvu ya batire) alibe vuto, a kamera wamba onse ali mommo. Pakati pa 100 ndi 160Wh uyenera kupempha kampani ya ndege ndipo amalola 2 okha. Ine lililonse ndimalimata ka tepi pa tizitsulo take n'kuliika m'kathumba kakekake. Mutu umawawa pa sikelo, chifukwa ndege zambiri chikwama cha m'manja ndi 7kg pomwe lenzi ya 70-200 yokha imadya kilo ndi theka. Ndinavala jekete la matumba ambiri ngati wogulitsa ma chaja mu depoti, mabatire m'matumba, kamera imodzi m'khosi. Tiraipodi ndi masitandi a magetsi zinapita pansi zitakulungidwa m'zovala. Adaputa musaiwale, pulagi yathu ya mano atatu onenepa sikalowa pakhoma la ku Italy ngakhale magetsi ndi 230V konsekonse.

Kumeneko galimoto imayenda kumanja, ndipo m'matauni akale muli zikwangwani zolembedwa ZTL, kutanthauza malo oletsedwa galimoto zopanda chilolezo, ukangolowa kamera imakujambula faindi n'kukutsatira kwanu, ndiye ndinkaimika kunja kwa tauni n'kusenza katundu wapansi.

Ukwati utatha usiku womwewo ndinakopera zithunzi pa ma hadi dilaivi awiri, imodzi m'chikwama, ina m'jekete, memori khadi osafufuta mpaka banja litalandira zithunzi zake. Pofika ku Cape Town wa kasitomu ataona chikwama anandikodola, ndinangotulutsa pepala la SARS lija, anayerekeza manambala a makamera awiriwo n'kundiuza ndizipita.