Feteleza ku Nayuchi, nandolo ku Zobwe

Lolemba ndinafika ku ofesi ku Limbe foni ikulira kale. Sabata imeneyi tinali ndi katundu wapawiri: feteleza wochokera kudoko la Nacala pa sitima yapamtunda, ndi makontena a nandolo opita ku India kudzera ku Beira pa mathiraki. Ntchito yanga ndi kuonetsetsa kuti njanji, msewu ndi doko zikuyendera limodzi.

Feteleza anadutsa Cuamba bwinobwino, nkulowa m'Malawi pa Nayuchi Lachiwiri. Koma njanji ndi imodzi, ndipo ndi yomweyo imene sitima za malasha a ku Moatize zimadzera. Mabogi athu anakhala tsiku lathunthu pambali kudikira mpata asanafike pa Nkaya.

Chimene chinandidya mtima chinabwera Lachitatu. Dalaivala wathu, bambo wachikulire amene wayenda msewu wa Tete kuyambira ine ndili kusukulu, anaimba ali pa Zobwe, atangowoloka chipata cha Mwanza.

"Achimwene, andiimitsa. Akuti nambala ya sili ya kontena ikusiyana ndi ya papepala."

Sili ndi kachomatira kokhala ndi nambala kamene amatsekera chitseko cha kontena. Ndinatsegula fayilo. Zoonadi, pamene panayenera kukhala 3, ife kuno tinalemba 8. Nambala imodzi yokha! Munthu wamkulu uja anagona pansi pa thiraki usiku uwiri, akuphika nsima pa kambaula, ife tikulemba makalata okonza. Ndinawapepesa. Iwo anangoti, "Konzani bwana, sitima ya ku Beira sidikira munthu." Kunena zoona, kontena ikaphonya sitima yapamadzi, ndalama zosungira kudoko zimawerengedwa m'madola, ndipo madola ake ndi omwe akusowawa.

Nthawi ngati zimenezi ndimaganiza za njanji ya kumwera, yodzera ku Makhanga, Bangula ndi Marka. Chikokolokereni njanjiyi pa Chiromo mu 1997, sitima yochokera ku Beira sinafikenso ku Limbe. Ikanakhala ikuyenda, nandolo wathu sakanadalira thiraki limodzi ndi munthu mmodzi wotopa.

Lachisanu m'mawa thiraki linawoloka Zambezi pa Tete. Madzulo ake mabogi a feteleza analowa pa siteshoni ya Limbe, anyamata nkuyamba kutsitsa matumba, mitambo yakuda itaunjikana pa phiri la Mpingwe. Amayi anaimba kuchokera ku Thyolo kufunsa ngati feteleza wafika m'tauni, poti iwo mizere anamaliza kale.