Dzanzi la ku Bangkok

Aliyense amene anapondako pamsika wa Pratunam ku Bangkok akudziwa kuti wa ku Limbe ndi mwana. Ine ndimapitako kukapikula madiresi ndi mabulauzi. Ulendo umenewu, pofika tsiku lachitatu mutu unali utatentha. Ma tuk-tuk ali phwii, njinga zamoto zikundipukuta chigongono, ogulitsa akundiloza ndi kakyuleta kumaso, ndipo ndalama zanga za baht zinkasungunuka ngati mchere pamvula.

Mayi wina wa Chithai yemwe ndimagula kwa iye atandiona ndikuwerenga madiresi omwewo kachinayi, anati: "Pita ku Wat Pathum Wanaram ukakhale phee. Si patali."

Kachisiyu anam'panikiza pakati pa magolosale awiri akuluakulu, Siam Paragon ndi CentralWorld, ndipo sitima ya BTS imadutsa m'mwamba pafupi pomwepo. Anamangidwa mu 1857 ndi Mfumu Mongkut, pamene dera lonselo linali minda ya mpunga ndi maiwe a maluwa a lotus, onga kakombo wathu uja. Mzinda unam'peza. Ukangolowa pachipata, phokoso limatsalira kumbuyo, mitengo ili gwirigwiri, mbalame zikulira. Ndinadabwa.

Ndinene msanga kuti ndine mayi wa Mvano. Sindinapite kukasintha mpingo, ndinkangofuna pokhala popanda wonditchulira mtengo.

Ndinavula nsapato pakhomo monga anzanga. Ena ankapereka duwa, kandulo ndi timitengo titatu ta lubani, kenako n'kugwada katatu mphumi mpaka pansi: kamodzi kwa Buddha, kachiwiri kwa chiphunzitso chake, kachitatu kwa gulu la amonke. Ine ndinangopeza malo kumbuyo n'kukhala mwaulemu wonse umene agogo anandiphunzitsa, miyendo tambalale, chitenje nditafunditsa bwinobwino mpaka m'mapazi.

Gogo wina wamng'ono ngati mwana wa Sitandade 5 anandikodola maso ali tong'o. Kumeneko kulozetsa mapazi kwa Buddha ndi chipongwe chachikulu, chifukwa phazi amaliona ngati chiwalo chotsika kwambiri m'thupi. Mapazi anga a saizi 8, okhala ndi ming'alu ya ku Chiradzulu, anali atalunjika ndendende kumaso kwa chifaniziro chagolide. Gogoyo anandipinda miyendo yonse iwiri n'kuiponya kumbali, zala kuloza kumbuyo. Kenako anandinong'oneza kapumidwe kake: polowetsa mpweya unene mumtima "Bud", potulutsa "dho".

Ndinadzilimbitsa mtima. Ine amene ndimachezera pamkeka usiku wonse pamaliro, izi zingandikanike?

Bud. Dho. Bud. Kodi katundu uja sapitirira makilo pabwalo la ndege? Dho. Mayi uja wa ku Ndirande adzandibwezera ngongole yanga liti? Bud. Bambo a kunyumba akumbukira kugula mayunitsi a magetsi, kapena nyama ya mufiriji yapita? Mtima wanga unazungulira Malawi yense wopanda tikiti.

Koma kenako, sindinama, china chake chinachitika. Mpweya unayamba kuyenda wokha, mapewa anagwa, sitima ija ikamadutsa ndinkangoimva ngati mvula ya kutali. Madiresi ndinawaiwala. Ndinakhala choncho mwina theka la ola, ndipo ndinayamba kudzitama kuti zimenezi ndinabadwa nazo. Ngakhale miyendo sindinkaimvanso. Ndinati eya, mtendere uja ndi umenewu, munthu wasiyana ndi thupi.

Linali dzanzi.

Anthu atayamba kunyamuka, nanenso ndinadzuka mwachangu. Mwendo wamanzere unakana kuti sukundidziwa. Wamanja unavomerezana nawo. Ndinayamba kupepeluka chammbali ngati nkhanu yoledzera, manja ali m'mwamba kufunafuna chogwira, ndipo chogwira chokhacho chimene chinali pafupi anali mmonke wachikulire wovala nsalu yake yachikasu, akudutsa mwakachetechete.

Mkazi saloledwa kukhudza mmonke, ngakhale nsalu yake. Ndinkadziwa. Miyendo ndi imene sinkadziwa.

Bambo amene uja, wa zaka zosachepera 70, anadumphira kumbuyo mopepuka kuposa goloboyi wa Flames. Ine ndinapitirira, ndikukuwa "Mayo ine!" m'nyumba imene munalibe ngakhale wotsokomola, mpaka ndinakagwera pa gogo wanga yemwe uja. Tonse awiri pansi khu! Chikwama chinatseguka, kakyuleta uko, malisiti uko, ndipo botolo langa la Nali, limene sindiyenda osalitenga, linagubuduzika pang'onopang'ono mpaka kukaima patsogolo penipeni, pambali pa maluwa a zopereka.

Chete.

Woyamba kuseka anali gogoyo, ali pansi pangabe. Kenako mmonke uja, ataima patali ndithu, anabisa pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka. Mnyamata wina anatola botolo lija ndi manja awiri, n'kuliyang'anitsitsa, n'kundifunsa m'Chingerezi chothyokathyoka ngati ndapereka kapena ndikulifunabe.

Ndinalifuna. Kunja gogo uja analitsegula, n'kudonthezera pachala, n'kulawa. Anagwedeza mutu n'kunena kuti n'labwino kwa ana.