Zikomo nonse amene munandithandiza kutsitsa BP

Ndati ndilembe pano kuti nonse mumvere pamodzi, chifukwa kuyendera aliyense pakhomo pake sindingathe. Ku kiliniki ya BP ndi shuga pachipatala chathu cha boma pano pa Kasungu andiuza kuti BP yanga yakhazikika pansi pa 140/90, malire amene ukawapyola amati magazi akuthamanga. Mankhwala ndikumwabe, ndipo sindisiya mpaka adokotala anene okha, koma andichepetsera mlingo. Loweruka lapitali ndakweranso phiri la Kasungu mpaka pamwamba, ine amene chaka chathachi ndinkapumira m'njira pochoka kudepoti kupita kumsika.

Ambiri mukundifunsa kuti mtima wolimba chonchi ndinautenga kuti. Ndikanakhala ndekha, bwenzi pano ndili pachiwaya. Munthu wogula soya ndi mtedza ngati ine amakhala pasikelo tsiku lonse, njala ikamupeza chapafupi ndi tchipisi, kanyenya ndi botolo lozizira. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma ndiye kumaipiratu, ndalama zili mbwee m'tauni, aliyense akufuna kukugulira kenakake. Amene anandilimbitsa ndi anthu, ndipo ndikufuna ndiwatchule.

Poyamba ndithokoze mayi a kunyumba. Tsiku limene tinachokera kuchipatala sanalankhule zambiri. Anangopita kumsika n'kugula chipande chaching'ono, ndipo mitanda yanga inayamba kuchepa osandiuza. Kuchigayo anasiya kukonola chimanga, tinayamba mgaiwa, chifukwa gaga amene timataya uja ndi amene amathandiza kuti munthu akhute nthawi yaitali. Ana anadandaula kuti nsima yada ngati ya kusukulu yogonera konko, koma mayi awo anakana kuphika miphika iwiri. Anati, "Bambo anu sangadye chisoso inu mukudya nkhuku yokazinga pamaso pawo." Apa ndi pamene panagona nkhani yonse. Munthu wodwala BP mukamupatsa kambale kakekake pambali, enanu mukudya zonona, sachedwa kugonja. Kwathu mbale inali imodzi.

Mchere ndiwo unandivuta kuposa zonse. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 patsiku, kutanthauza kasipuni kamodzi ka tiyi, ndipo mukuwerengera ndi mchere umene uli kale mu buledi, m'nsomba zouma zothira mchere ndi m'timakyubu tokometsera ndiwo tija. Kambale ka mchere kanachoka patebulo. Masiku oyamba ndiwo zinkangomveka madzi okhaokha, koma lilime limazolowera. Pano nkhwani wotendera, bonongwe, kholowa kapena therere ndimadya mpaka kunyambita zala. Komanso tinene zoona, ife a ku Kasungu timalima mtedza wochuluka chonchi, n'chifukwa chiyani tinkaona ngati nsinjiro ndi za osauka, n'kumathira mafuta ophikira mpaka ndiwo kuyandama?

Ndithokoze anamwino a ku kiliniki kuja. Mzere unali wautali, koma anatenga buku langa la kuchipatala, n'kujambula mbale kuseri kwake ndi cholembera: theka masamba, mbali ina nsima, mbali yotsalayo nyemba, nandolo, usipa kapena dzira. Anandikumbutsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timangowamva pawailesi, n'kunena kuti zonsezo zili pamsika wathu womwewu, sizofuna kukagula m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe. Ndiwonso anandiuza kuti m'botolo limodzi la zakumwa zotsekemera zija mumakhala shuga wokwana masipuni ang'onoang'ono 7 kapena 8. Chojambula chija chidakali m'bukumo.

Achimwene a kabaza amene munkandinyamula m'mawa uliwonse, inu ndiye munandidabwitsa. Mutamva za vuto langa munayamba kundikana. "Bwana, katundu yekha ndinyamule, inu muziyenda, tikakumana kusikelo." Munataya ndalama chifukwa cha moyo wanga, anthu otere ndi osowa. Mulungu akudalitseni, ndipo matayala a njinga ija ndi udindo wanga chaka chino.

Anzanga oyenda nawo m'bandakucha, zikomo. Achipatala amati mphindi 150 pasabata zikwanira, ndiye kuti mphindi 30 kwa masiku asanu, kuyenda mwandawala mpaka thukuta lituluke koma ukutha kulankhula. Pakamwa n'zophweka. Koma mu Juni ndi Julayi, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, bulangete limakoma. Chimene chinkandidzutsa si BP ayi, koma manyazi odziwa kuti azibambo anzanga aima pageti akundidikira, wina akuimba foni mosalekeza. Ochita zokha amasiya msanga, pezani wokugogoderani.

Pali china chimene sitikambirana kawirikawiri. Kwathu kuno mimba ikatuluka amati zinthu zikuyenda, ukayamba kuwonda anthu amayamba kunong'ona. Zinandipeza. Ena anati bizinesi yagwa, ena anati ndikudwala matenda amene ndikubisa, ena mpaka anati mayi a kunyumba akundimana chakudya. Zinkawawa, ndipo ndikudziwa anthu amene anabwerera ku zakudya zakale chifukwa choopa pakamwa pa anthu basi. N'chifukwa chake ndikuthokoza mwapadera alamu anga, amene m'malo momvera za m'maluwa anabwera kunyumba, anakhala pansi n'kundifunsa maso ndi maso. Atamva, anapita okha kukayezetsa, ndipo nawonso anawapeza ndi BP yokwera pamene sankamva kupweteka paliponse. Matendawa ndi otero, sachenjeza. Pano tikuyendera limodzi.

Amayi anga ku Santhe poyamba analira atandiona, ankati mwana wawo watha. Kukana mtanda wachiwiri pakhomo pa mayi ako si chinthu chapafupi. Koma nditawafotokozera bwino, tsopano ndikafika amandiphikira mbatata ndi dzungu, thobwa langa amapatula asanathire shuga, ndipo pamaliro kapena pachinkhoswe amauza okha azimayi ogawa chakudya kuti mbale ya uyu musadzaze. Zikomo amayi.

Amayi a masamba kumsika amene mumandisungira chisoso ndi luni zisanathe, a kumpingo amene munandipempherera, ana anga amene pano mgaiwa mukuupempha nokha, nonse ndakuonani.

Loweruka likubwerali tikukweranso phiri. Tinyamuka 5 koloko m'mawa, aliyense atenge botolo la madzi ndi nsapato zosaterera. Amene muli ndi BP kapena shuga yambani mwafunsa kuchipatala ngati mungakwere, ndipo imwani mankhwala anu monga mwa masiku onse. Alamu, ulendo uno palibe zoti foni inali pa chaji.