Sabata yomwe lole sinatuluke pageti

Kuyadi kwathu kuno ku Dedza timaumba mitanda ya konkire ndi kuwotcherera zitsulo za denga. Oda yomwe yatigwira chaka chino ndi ya bwalo lina la ndege komwe akukulitsa nyumba ya apaulendo. Sabata yathayi palibe katundu amene ananyamuka, chonsecho anyamata sanapume tsiku n'limodzi lomwe.

Lolemba kunabwera mapulani okonzedwanso kachitatu. Eni ntchito asintha makina ounikira zikwama, atsopanowo ndi otambalala, ndiye khomo lolowetsera katundu likuchoka pa mamita 2.4 kufika pa 3. Papepala ndi kamzere kamodzi basi. Kwa ife mtanda wa pamwamba pa khomolo watalika, zitsulo za mkati mwa konkire za Y12 (zonenepa mamilimita 12) zachepa mphamvu, pakufunika Y16 (za mamilimita 16), ndipo chikombole cha matabwa chikhomedwenso. Mitanda inayi yomwe tinaumba kale yangogona kuseri kwa shedi. Amagetsi nawo aima, poti makina atsopanowo akufuna mapaipi a mawaya pamalo ena, ndipo pansi sangathire konkire mapaipiwo asanayalidwe. Chilichonse chokhudza malo a makina sichiyenera kuumbidwa wogulitsa makinawo asanatumize miyeso yosainidwa. Apa tinafulumira tokha.

Nkhani yaikulu inali ya Lachiwiri. Nthawi iliyonse tikathira konkire timadzaza tizikombole ta mamilimita 150 mbali zonse, timabuloko take n'kukaphwanyidwa kulabu, tina pa masiku 7, tina pa masiku 28. Konkire ya 30 MPa (MPa ndi muyeso wa mphamvu ya konkire) imayenera kufika cha m'ma 20 pa tsiku lachisanu ndi chiwiri. Yathu inaima pa 16, ndipo injiniya anakana kuti mitanda ya konkire imeneyo inyamulidwe. Sanalakwe. Mtanda wosakhwima ukakwezedwa ndi kireni umachita timing'alu tosaoneka ndi maso, timene timadzaonekera denga litakhala kale pamwamba.

Zifukwa tinapeza ziwiri. Kuzizira kwa Juni kuno simasewera, ndipo simenti imakhwima mwaulesi kukazizira. Ife tinathira madzulo, mphepo ya Mwera n'kuiomba usiku wonse. Chachiwiri ndi madzi. Mchenga unali wonyowa kale ndi chifunga, wosakaniza n'kuwonjezera ndowa ina kuti fosholo izilowa mosavuta. Konkire yamadzimadzi imasangalatsa wothira, koma mphamvu imathera pomwepo. Tsopano tikuthira dzuwa likakwera, cha m'ma 9 koloko, tikuyeza kufewa kwake wilibala yoyamba isanachoke pamakina, kenako tikufunditsa masaka onyowa ndi pulasitiki pamwamba. Matabwa tikuwasiya masiku owonjezera.

Lachitatu unali msonkhano kubwaloko. Amene sanagwirepo ntchito yotere amadabwa kuti kachipinda kodikirira kangatenge bwanji zaka. Kukulitsa nyumba yomwe anthu akuigwiritsa ntchito n'kovuta kuposa kumanga patchire. Ngakhale pa Kamuzu International Airport ku Lumbadzi, pomwe anawonjezera nyumba ndi thandizo la Japan n'kumaliza mu 2019, ndege sizinasiye kutera ntchito ili mkati. Wantchito aliyense wolowa mbali ya ndege amafunika chiphaso chake, ndipo wowotcherera akadwala sungangotenga mnzake pamsewu. Kireni siimika mkono popanda chilolezo cha oyang'anira kayendedwe ka ndege. Zaphokoso ndi zafumbi zimadikira ndege yomaliza inyamuke, choncho tsiku lantchito limatsala maola ochepa ausiku. Mayi wina woona zachitetezo ankayenda ndi kachidebe akutola misomali ndi zidutswa za waya. Atapeza thumba la simenti lopanda kanthu likuuluzika, anangoti, "Akapitawo, ili likalowa mu injini ya ndege mudzalipira ndinu?"

Zitsulo za denga nazo sizinafike. Lole yake yaima tsidya la Calomue, pamalire ndi Mozambique, kuyambira Lachinayi, pafupi pomwepa, kudikira mapepala chifukwa ndalama zakunja zolipirira katunduyo zinachedwa kutuluka. Tsiku lililonse lomwe yaima, mwini lole akuwerengera ndalama.

Lachisanu tinakhoma chikombole cha khomo la mamita 3, Loweruka tinamanga zitsulo za Y16, injiniya n'kudzaziona tisanatseke. Tithira Lolemba m'mawa. Timabuloko ta mitanda yokanidwa ija tili m'thanki ya madzi, tikudikira kuti takwanitse masiku 28.