Mayi amene ndinamuumba pa kompyuta

Sabata yatha, pa kosi yathu yodula kanema, aphunzitsi anatipatsa ntchito imene mpaka lero sinandichoke m'mutu. Anatigawira kanema wosadula wa maola 9, wa mpikisano wophika umene ophunzira a chaka chatha anajambula kuseri kwa nyumba ina ku Chilenje. Opikisana 6, aliyense ndi mbaula yake, ndiwo zofanana: chibwabwa chotendera ndi kapenta. Ife tidule mpaka patsale mphindi 12.

Masiku awiri ndinangoonera, osadziwa pogwira. Anthu akukupiza moto, akusinja nsinjiro, akudikira madzi kuti awire, basi. Tsiku lachitatu ndinapeza kachigawo kena: mnyamata wina ndiwo zamupserera, manja ali kumutu, ndipo mtsikana wa mbaula yoyandikana nayo, wovala chitenje chobiriwira, akumupatsira kampoto kake kapadera osanena kanthu. Mtima unagunda. Ndinati uyu akhala mayi, uyo akhala mzime, kasuli monga timanenera muno mu Lusaka. Bambo wina wokonda kulangiza anzake anasanduka amalume, ndipo mtsikana amene anakangana ndi woweruza anakhala mwana wosamva wa pabanjapo.

Kuyambira pamenepo ntchito inapepuka. Paliponse pamene wa chitenjeyo akupukuta tebulo kapena akuthirira mnzake madzi osamba m'manja, ndinatenga. Pamene akuyang'ana nthawi pa foni, kapena akusuzumira mumphika wa mnzake kuti aone amene wamutsogolera, ndinataya. Atafunsidwa payekha pa kamera ananena kuti: "Ine sindinabwere kudzalera munthu pano, ndabwera kudzawina. Koma mnzako ndiwo zikamupserera umamuthandiza." Ndinachotsa chiganizo choyamba pamodzi ndi "koma" uja. Mawu otsalawo ndi akedi, anatuluka pakamwa pake, komabe si zimene ananena. Odula mapulogalamu a mpikisano ali ndi dzina la khalidweli, amati frankenbite, kusoka mawu a munthu kuchokera m'zidutswa.

Ndinachitanso china. Mnyamata uja atagwira kumutu, ndinaikapo nkhope ya mtsikanayo, maso ali pansi, ngati mayi wogwidwa chifundo. Chithunzicho chinajambulidwa pafupifupi mphindi 40 ndiwo zisanapserere, ndipo iye ankangoyang'ana makala ake amene ankazima. Izi tinaziphunzira mwezi watha pa nkhani ya Lev Kuleshov, katswiri wa kanema wa ku Russia, amene zaka zoposa 100 zapitazo anatenga nkhope imodzimodziyo ya wochita zisudzo Ivan Mosjoukine n'kuitsatiza ndi mbale ya supu, kenako bokosi la maliro, kenako mkazi wogona pampando. Oonera anaona njala, chisoni ndi chilakolako pa nkhope yosasintha. M'kalasi ndinazilemba ngati mfundo ya mayeso. Pa timeline yanga, pamene ndimayala zidutswa za kanema pa kompyuta, ndinazichita kwa munthu wamoyo, amene mwina ndimakwera naye basi imodzi popita m'tauni.

Lachisanu tinaonetsa ntchito zathu. Yanga anzanga anaiombera m'manja, wina mpaka anati, "Amayi aja ndawakonda." Aphunzitsi sanaombe. Anandifunsa modekha: "Mayi wanuyu ali ndi zaka zingati?" Sindinadziwe. Anatulutsa mafomu a opikisana. Mtsikanayo anali ndi zaka 22, kasuli wanga anali ndi 27.

Usiku umenewo ndinakumbuka 2003, ndili mwana ku Matero, titadzazana m'nyumba ya aneba kuonera Big Brother Africa yoyamba. Anthu 12 ochokera m'maiko 12 anatsekeredwa m'nyumba ku Johannesburg, ndipo patatha masiku 106 wathu wa ku Kitwe, Cherise Makubale, anatenga madola 100,000. Ndikafunsa akuluakulu kwathu chimene amamukumbukira nacho, onse amatchula kuphika, kusesa ndi ulemu. Ambuya anga ankati ndiye mwana wolangizidwa. Sindikunena kuti zinali zabodza, Cherise ankaphikadi ndipo ankakonzadi m'nyumba. Koma makamera ankajambula usana ndi usiku, ndipo ife osakhala ndi DStv tinkaona chidule chokha, chosankhidwa ndi anthu okhala pa mpando wonga wanga. Munthu sangathe masiku 106 pakati pa anthu ofuna ndalama zomwezo ndi tsache lokha. Panali nzeru, panali kuwerengera, ndipo ine za zimenezo sindikumbukira kanthu. Ndimakumbukira mphika.

Ndikumvetsa chifukwa chake odula kanema amathamangira ku banja. Ukapatsidwa alendo 12 ndi mphindi zochepa, ulibe nthawi yofotokoza aliyense. Ukangoonetsa kuti uyu ndi mayi, uyo ndi mzime, winayo ndi nkhoswe yoyanjanitsa okangana, woonera amabweretsa yekha zonse zotsala kuchokera kunyumba kwawo. Ngakhale dzina la pulogalamu ya Big Brother, imene inayamba ku Netherlands mu 1999, ndi dzina la pachibale, mkulu wako amene amakuona paliponse. Kwa ife kuno njira imeneyi imalowa msanga kwambiri, chifukwa mlendo aliyense timamupatsa kale chibale. Wogulitsa tomato ku Soweto Market ndi amayi, kondakitala ndi mkulu wanga kapena mng'ono wanga.

Chimene chikundiwawa n'chakuti chibale chimabwera ndi malamulo ake. Mzime akalakwa timamukhululukira, ndi mwana. Amalume akalankhula mopyola timaseka. Mwana wosamva, ngakhale anene zoona, timamva mwano wokha, ndipo mtsikana wanga uja anali ndi mfundo, popeza woweruza analawadi ndiwo zake zitazizira. Wopanikizika kuposa onse ndi mayi. Mayi saloledwa kufuna kupambana ana ake. Tsiku limene adzavotere mnzake kuti atuluke, kapena adzakane kubwereketsa mpoto, oonera amati watipusitsa, ndi wachiphamaso, pamene iye akungochita chimene aliyense anabwerera. Dzinalo limaoneka ngati ulemu, koma limamulanda ufulu wopikisana. Ndipo si iye anadzipatsa dzinalo, ndinamupatsa ndine, munthu amene sanandionepo.

Aphunzitsi sananene kuti tisamasankhe. Kudula ndiko kusankha, maola 9 sangalowe m'mphindi 12. Anangotipatsa funso loti tizidzifunsa pa chidutswa chilichonse: mwini wake ataona, angadzizindikire?

Loweruka ndinabwerera ku kompyuta. Ndinabwezeretsa chiganizo chija chonse, ndi "koma" wake. Nkhope ya chifundo ndinaibwezera pamalo pake, pa makala ozima. Ndinalowetsa kachigawo kamene akusuzumira mumphika wa amalume n'kubwerera mothamanga kukasonkhezera moto wake, ndiponso kamene woweruza akucheza pa foni ndiwo za mtsikana wokangana uja zili pa tebulo. Kampoto kaja sindinakachotse, chifukwa nakonso kanachitikadi.

Ndinaonetsa mnzanga amene anakonda amayi aja. Anaonera mpaka kumapeto ali chete, kenako anati tsopano sakudziwa kuti amukonde kapena ayi. Anapempha kuti tibwezere pa mphindi ya 7, pamene mtsikanayo akupereka mpoto ndi dzanja limodzi, dzanja lina likukupizabe mbaula yake.