Sabata ya belo pa milandu ya chamba ku Mchinji

Ntchito yanga ndi yolangiza anthu omangidwa pa zamalamulo, ndipo sabata yathayi inandithera pa milandu ya anthu opezeka ndi chamba. Lolemba ndinayamba ndi amene anagona m'chitokosi kumapeto a sabata, popeza gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limafuna kuti womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, kapena pa tsiku loyamba limene khoti likhala. Gawo lomweli limati munthu atulutsidwe pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe, ndipo mu 2005, pa mlandu wa Mvahe, khoti lalikulu la apilo linagamula kuti boma ndilo liyenera kusonyeza chifukwa chomukanizira belo.

Lachiwiri panabwera amuna awiri. Woyamba anali bambo wa banja amene anagwidwa ndi matumba a chamba pa njinga. Wachiwiri anali mnyamata waganyu pa esiteti ya fodya, amene anamupeza ndi chamba chosadzaza ndi dzanja lomwe. Anthu pakhonde ankati mnyamatayo ndiye agona kwawo, koma sizinatero.

Lamulo la belo la mu 2000 limauza majisitireti kuti aone ngati woimbidwa mlandu angathawe, angasokoneze mboni kapena umboni, angaike anthu ena pachiswe, kapena ngati kumutulutsa kungabutse chipwirikiti. Pa mlandu wopezeka ndi chamba mboni zimakhala apolisi ndipo chambacho chili kale m'manja mwawo, choncho mkangano wonse umatsalira pa kuthawa. Kuno funso limeneli ndi lolemera, chifukwa Chipata ali pafupi, njira zachidule zodutsa malire ndi zambiri, ndipo mabanja ochuluka ali ndi abale mbali zonse ziwiri. Kuchuluka kwa chamba kumawerengedwa ndithu, poti woyembekezera chilango chachikulu amayesedwa kuthawa, n'chifukwa chake bambo uja anamuikira chikole chokwera, anamulanditsa zikalata zoyendera, ndiponso anamulamula kuti azikasainira kupolisi. Komabe anali ndi nyumba yodziwika, kalata ya amfumu, komanso mkazi wake ndi mkulu wake ataima pomwepo ndi ziphaso za unzika, ndipo madzulo anatuluka. Mnyamatayo belo anamupatsanso, yopepuka kwambiri, koma panalibe womuimira, motero anapita pa limandi. Mwa kuona kwanga, mmphawi amasungidwa kawirikawiri osati chifukwa khoti lakana, koma chifukwa dzina lake likaitanidwa palibe wachibale amene amadzuka.

Lachitatu lonse linathera pa foni, kufunafuna amalume ake. Atafika Lachinayi, funso lawo loyamba linali lakuti, "Kodi achimwene, mphwangayu akathawa amanga ine?" Ndinawayankha kuti, "Ayi bambo, mlandu wa chambawu si wanu, koma ndalama zimene mulonjeze pamaso pa khoti boma lidzakulipiritsani." Anakhala chete nthawi yaitali asanavomere, ndipo majisitireti anawafunsa za mudzi wawo, munda wawo ndi ziweto zawo, kuti aone ngati lonjezolo lili ndi pogwira. Womuimira wachiwiri anali mkulu wa mpingo.

Tsiku lomwelo munthu wina anandiumirira kuti chamba chinaloledwa mu 2020. Lamulo la chaka chimenecho limalola okhawo amene ali ndi chilolezo, pa ntchito za mankhwala ndi za mafakitale. Wosunga chamba popanda chilolezo amaimbidwabe mlandu.

Lachisanu woimira boma anapempha tsiku lina pa mlandu wa mnyamata uja, kuti lipoti la akatswiri a ku Chitedze lotsimikiza kuti zomwe anagwira ndi chambadi libwere. Ndinamukumbutsa mnyamatayo kuti belo si kumasulidwa, ndipo kuti akangojomba tsiku limodzi khoti lidzatulutsa chikalata chomumangira, amalume akewo n'kulipira. Tsiku la mlandu ndinawalembera amalumewo papepala, chifukwa ndiwo ali ndi foni.