Sabata yolembetsa ophunzira ochokera m'maiko oyandikana nafe

Ofesi yathu ya pa yunivesite imaona za ophunzira ochokera kunja, ndipo sabata ino a masters amalembetsa. Lolemba kunafika mtsikana wa ku Chipata. Anadutsa pa Mwami m'mawa, masana n'kuti ali kale pakhomo panga. Zake sizinavute: mapepala a Chingerezi, fizi inalowa kale.

Thukuta linatuluka Lachiwiri ndi Lachitatu. Kunabwera mnyamata wa ku Metangula, tsidya la Mozambique, wofuna kufufuza za usipa. Aphunzitsi a za nsomba akumufuna kwambiri, poti asodzi a ku Likoma ndi a ku Cóbuè amaponya chilimira m'madzi amodzi, koma ziwerengero za tsidya linalo ife sitiziona kawirikawiri. Vuto linali envelopu yake. Digiri ndi ya Chipwitikizi, malikisi kwawo amawerengera pa 20, pomwe fomu yathu imafuna maperesenti. Pafunika womasulira wovomerezeka, kenako a NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede m'dziko muno, aunike ngati digiriyo ikufanana ndi yathu.

"Amayi, ndiye ndidikire mpaka liti?" anafunsa, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, khalani pansi kaye, tiyimbe mafoni."

A ku akaunti nawo anafunsa ngati alipire m'madola kapena m'makwacha. Ndinawatulutsira pangano la SADC la za maphunziro lomwe linasainidwa ku Blantyre konkuno mu 1997. Limati mayunivesite asunge malo osachepera 5 pa 100 aliwonse a ophunzira a m'chigawochi, ndipo pa fizi ndi malo ogona aziwatenga ngati ana a pakhomo. Anawerenga, n'kunena kuti kompyuta yawo ili ndi mabokosi awiri okha, la Mmalawi ndi la mlendo. Ine ndimaona kuti mgwirizano wa maikowa umakanirira pamabokosi ngati amenewa, osati kumisonkhano ya nduna.

Lachinayi tinakumana pa Zoom ndi anzathu a ku Lusaka ndi ku Maputo, kukonza zoti wophunzira mmodzi aziyang'aniridwa ndi aphunzitsi a mbali ziwiri. Magetsi anazima pakati, tinamalizira pafoni. Makalendala athu sakumana, ndiye nkhani ya mayeso tinaisiyira mwezi wamawa.

Lachisanu abwana anavomera kuti mnyamata uja ayambe kalasi podikira mapepala ake. Ndinamulembera kalata yokapemphera chilolezo chokhalira m'dziko muno ngati wophunzira, a ku hostelo anamupezera bedi. Za fizi akazikambirana ku komiti Lachiwiri.